Ola Limodzi la Carlo

Mawu osinkhasinkha: Marko 14:32-42; 1 Akorinto 6:12

Pa 7 Seputembala 2025, pabwalo la tchalitchi cha Petulo Woyera ku Rome, Papa Leo XIV analengeza kuti mnyamata wina wa ku Italy, Carlo Acutis, ndi woyera. Mpingo uli ndi oyera ambirimbiri. Ena anali mafumu, ena alimi, ena asodzi, ena anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro akadali ana monga Kizito wa ku Uganda. Koma uyu anabwera ndi chinthu chimene m'kaundula wa oyera munali musanalowepo. Kunyumba kwawo anali ndi PlayStation, ndipo ankaikonda.

Nkhaniyi yasangalatsa achinyamata ambiri, moti ena aisandutsa kale chishango. Mayi akati, "Tazimitsa chimenecho, tikuchedwa ku Misa," mwana amayankha maso ali tong'o pa kanema kuti ngakhale woyera uja ankasewera. Mwanayo sakunama, koma akunena theka la nkhani. Theka linalo amalifotokoza amayi ake a Carlo, a Antonia Salzano. Iwo amati mwana wawo anadziikira yekha malire, popanda womukakamiza, oti azisewera ola limodzi lokha pa sabata yathunthu. Amene angawerenge mofulumira aganiza kuti ndi ola limodzi pa tsiku. Ayi, pa sabata.

Aliyense wokhala m'tauni amadziwa kumene ana amasowera madzulo. Kuseri kwa msika, pakati pa ometa tsitsi ndi otchaja mafoni, pamakhala kachipinda kamalata kotchinga ndi nsalu pakhomo. M'katimo muli kanema, mabenchi awiri, ndi anyamata opanikizana ngati mu minibasi ya m'mawa. Awiri agwira mapadi, enawo akudikira ndalama zili m'manja, phokoso lake ngati Bullets yakumana ndi Wanderers. Gemu yake kawirikawiri imakhala ya mpira, imene aliyense amangoti FIFA, ngakhale kuti kampani yoipanga inasintha dzinalo mu 2023 kukhala EA Sports FC. M'nyumba zina, makamaka zimene zili ndi achibale ku Johannesburg kapena ku UK, makinawo ali pabalaza kapena kuchipinda kwa mwana: PS4, PS5, Xbox, laputopu, mahedifoni okhala ndi kolankhulira. Ndipo ochuluka koposa onsewa sasowa kanema kapena padi. Gemu yawo ili m'thumba, pa foni, ndipo imalowa nawo m'kalasi, m'bafa, pansi pa bulangete, ngakhale m'tchalitchi muno.

Pali Akhristu ena a mtima wabwino amene akaona zimenezi amafulumira kunena kuti magemu ndi a satana. Mpingo suphunzitsa zimenezo, ndipo sunayambe waona kusewera ngati tchimo. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo amene anamwalira mu 1274, anafunsa m'buku lake la Summa Theologiae ngati m'masewera mungapezeke ukoma, ndipo anavomera. Anati monga thupi limatopa ndi ntchito n'kufuna kupuma, mtima ndi maganizo nazo zimatopa, ndipo mpumulo wake ndi chisangalalo. Anakumbutsanso nkhani yakale ya Yohane Mtumwi. Anthu ena anakhumudwa atamupeza akusewera ndi ophunzira ake. Yohane anapempha mmodzi mwa iwo, amene ananyamula uta, kuti aponye muvi, aponyenso, aponyenso. Kenako anamufunsa ngati angapitirize choncho osalekeza. Munthuyo anati uta ungathyoke. Pamenepo Yohane anamuuza kuti mtima wa munthu nawo ungathyoke ukamangokhala wokungika nthawi zonse. Thomas anafika ponena kuti munthu wosaseka konse, amene amangokhala ndwii n'kumaletsanso anzake kusangalala, ali ndi chilema cha khalidwe. Mawu amenewa ena m'makomiti a parishi angachite bwino kuwasunga.

Malembo Oyera nawo sadana ndi phokoso la ana. Mneneri Zekariya pofotokoza za Yerusalemu wobwezeretsedwa, anaona nkhalamba zitakhala m'mabwalo ndi ndodo zawo, ndi ana aamuna ndi aakazi atadzaza misewu akusewera (Zekariya 8:4-5). Kwa mneneriyu, ana osewera ndi chizindikiro chakuti Mulungu wabwerera mu mzinda. Don Bosco ali mnyamata ankayenda pa chingwe ndi kuchita timatsenga tamasewera kuti akope anzake, ndipo malipiro oonera anali kupemphera naye limodzi. Atakhala wansembe ku Turin, bwalo la masewera analiona ngati gawo la ntchito yake yaubusa. Agogo a ana a lero nawonso anali ndi zawo: fulaye, phada, jingo, chipako, mpira wachikulunga, ndi bawo imene mpaka lero imaiwalitsa abambo ena kuti anatumidwa mchere. Gemu ya pa kanema ndi mdzukulu wa zonsezi. Imaphunzitsa kuganiza msanga, kupirira ukagonja, kugwirizana ndi anzako, ndipo achinyamata ena chidwi cha makompyuta chimene chikuwadyetsa lero chinayambira pa padi.

Koma Thomas yemweyo sanalekere pomwepo. Anachenjeza kuti chisangalalo chisafunidwe m'zinthu zonyansa kapena zopweteka ena, kuti munthu asatayiretu mtima wake wonse m'masewera, ndiponso kuti masewerawo agwirizane ndi munthuyo, nthawi yake ndi malo ake. Chenjezo lapakatilo ndi limene lavuta m'badwo uno, ndipo chifukwa chake sikuti ana a lero ndi ofooka kuposa akale. Chasintha ndi kapangidwe ka masewerawo.

Fulaye inkatha dzuwa likalowa. Bawo imatha mnzako akagona kapena akaitanidwa kunyumba. Ngakhale magemu akale, a pa Game Boy ya Nintendo imene inatuluka mu 1989 kapena PlayStation yoyamba ya Sony ya mu 1994, munthu ankagula kamodzi, ndipo ambiri anali ndi mathero ake. Wopanga atalandira ndalama yake analibenso nawe ntchito. Magemu ambiri a masiku ano, makamaka a pa foni, amatsitsidwa ulere, ndipo apa ndi pamene Mkhristu wochenjera ayenera kudzifunsa kuti nanga eni ake amadya chiyani. Amadya nthawi ya wosewerayo. Akakhalitsa amaona malonda otsatsidwa ambiri, ndipo amayamba kugula tinthu ta m'gemu momwemo: chovala cha msilikali wake, mfuti yatsopano, mwayi wopitiriza pamene wagonja. Choncho gemuyo imapangidwa mwadala kuti isathe. Imapereka mphatso tsiku lililonse kwa wotsegula, n'kulanda mphatsoyo kwa amene wadumphitsa tsiku limodzi. Imaliza belu pa foni kukumbutsa kuti anzako akudikira. Ukagonja, batani loyambiranso limakhala pansi pa chala kale, mkwiyo usanazizire. Kuseri kwa kanemayo kuli anthu ophunzira kwambiri amene amalipidwa kuti mwana wa Folomu 2 asanene kuti basi zakwana. Kumusiya mwanayo yekha kuti alimbane nawo n'kumutuma kukapha njovu ndi legeni.

Palinso china chimene makolo ambiri sachidziwa. M'magemu ena, kuphatikizapo a mpira aja akamaseweredwa pa intaneti, munthu amagula phukusi lotseka osadziwa kuti mkati muli chiyani. Mwina mupezeka wosewera wotchuka, mwina wachabechabe. Akatsegula n'kupeza wachabechabe, mtima umati yesanso kamodzi. Mu 2018 bungwe loyang'anira juga m'dziko la Belgium linagamula kuti maphukusi otere m'magemu ena ndi juga basi, ndipo makampani anakakamizika kusiya kuwagulitsa m'dzikomo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2413, amaphunzitsa kuti masewera a mwayi paokha sasemphana ndi chilungamo, koma amasanduka oipa akamalanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa ena, ndipo amachenjeza kuti chilakolako cha juga chingathe kumusandutsa munthu kapolo. Mwana amene wazolowera kugunda kwa mtima kwa potsegula phukusi ali ndi zaka 12, akafika zaka 18 safunikanso womuphunzitsa kubetcha pa mpira kapena kuthamangitsa kandege kaja kamene kamaliza malipiro a anthu pa foni. Njira anaiyenda kale.

Ngakhale akunja kwa Mpingo aliona vutoli. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kusadziletsa pa magemu m'ndandanda wake wa matenda. Bungweli limanena momveka kuti ndi ochepa chabe mwa osewera amene amafika pamenepa, choncho kholo lisathamangire kunena kuti mwana wadwala chifukwa wasewera Loweruka masana. Zizindikiro zake ndi zoti munthu sakuthanso kudziletsa pa nthawi yoyamba ndi yolekeza, gemu yakhala patsogolo pa zina zonse za moyo wake, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona kuti zinthu zikuwonongeka, kusukulu, kuntchito kapena m'banja, kwa nthawi yofika chaka. Boma la China linachita kulamula. Kuyambira mu 2021, ana osakwana zaka 18 amaloledwa kusewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha madzulo a Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, ndi masiku a tchuthi cha boma. Amenewo ndi maola atatu pa sabata, otetezedwa ndi mphamvu zonse za boma.

Carlo analibe boma lomulondera. Makolo ake anali olemera, makina anali akeake, magetsi a ku Milan sankathimathima, ndipo panthawiyo m'nyumbamo munalibe mwana wina womulanda padi. Chomwe boma lalikulu likuyesa kuchita ndi malamulo, kamnyamata aka kanachita ndi mtima wake, n'kupitirira. Apa ndi pamene mawu a Paulo Woyera kwa Akorinto amamveka bwino. Akhristu a ku Korinto ankanyadira kuti kwa iwo zonse n'zololedwa. Paulo sanatsutse ufulu wawo. Anawakumbutsa kuti si chololedwa chilichonse chimene chili chothandiza, ndipo iye sadzalola kuti kanthu kalikonse kamulamulire. Padi imapangidwa kuti munthu azilamulira zochitika pa kanema. Chala chikapita kumanja, wosewera mpira uja amathamangira kumanja. Koma pali nthawi imene zinthu zimatembenuka mwakachetechete, gemu n'kukhala yogwira padi, munthu n'kukhala wothamangitsidwa. Imamuuza nthawi yogona, imamuuza kumene ndalama ya sopo ipite, imamuuza ngati lero apite ku Tilitonse kapena ayi. Iye amaganizabe kuti akusewera, pamene akuseweretsedwa.

Ukoma umene Carlo anaonetsa Mpingo umautcha kudziletsa. Katekisimu, pa ndime 1809, amaufotokoza ngati ukoma umene umachepetsa kukoka kwa zosangalatsa ndi kuthandiza munthu kugwiritsa ntchito zolengedwa mwa muyeso, ndipo Paulo amautchula pakati pa zipatso za Mzimu Woyera (Agalatiya 5:22-23). Kudziletsa n'kosiyana ndi kuletsedwa. Mwana woletsedwa amadikira kuti bambo atuluke. Mwana wodziletsa amazimitsa yekha ngakhale m'nyumba muli zii, chifukwa ali ndi kwina kumene mtima wake ukufuna kupita.

Ndipo Carlo anali nako kopita. Anabadwira ku London pa 3 Meyi 1991, ndipo patangopita miyezi yochepa banja lawo linabwerera ku Milan. Silinali banja lopemphera kwenikweni. Amayi ake amanena poyera kuti Carlo asanabadwe, iwo anali atapita ku Misa katatu kokha: tsiku lolandira Ukaristia koyamba, tsiku la Ulimbitso ndi tsiku la ukwati wawo. Mwanayo ndiye anawakokera ku tchalitchi ndi mafunso ake osatha. Analandira Ukaristia koyamba ali ndi zaka 7, ndipo kuyambira pamenepo ankayesetsa kuchita nawo Misa tsiku ndi tsiku, kukhala kanthawi pamaso pa Ukaristia ndi kupemphera korona. Ankathandiza kuphunzitsa katekisimu ana anzake m'parishi yawo. Ndalama zake za m'thumba ankagulira zofunda anthu ogona m'misewu ya Milan, ndipo kusukulu ankaikira kumbuyo anzake ovutitsidwa. Anali ndi agalu ndi amphaka, ankasewera mpira, ankajambula timakanema toseketsa.

Kompyuta sanaithawe. Anadziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu, ndipo anatha zaka zingapo akusonkhanitsa nkhani za zozizwitsa za Ukaristia zoposa 100 za m'maiko osiyanasiyana, n'kuziika pa intaneti. Chionetsero chochokera m'ntchito imeneyi chayenda m'maparishi ambirimbiri padziko lapansi. Papa Francis, m'kalata yake kwa achinyamata yotchedwa Christus Vivit ya mu 2019, anamutchula Carlo ngati mnyamata amene anazindikira kuti zida za masiku ano zingathe kugonetsa anthu tulo ndi kuwasandutsa akapolo a kugula, koma iye anazigwiritsa ntchito pofalitsa Mthenga Wabwino. Pamakina omwewo pamene ena amangodya zophikidwa ndi anzawo, iye anaphunzira kuphika. Mnyamata kapena mtsikana wa m'parishi ino amene amatha kukonza padi yowonongeka, kuika gemu mu laputopu yakale n'kuyenda bwino, kapena kugonjetsa dera lonse pa FIFA, ali ndi mutu wogwira ntchito. Funso la matalente aja a pa Mateyo 25 likumudikira: mutu umenewo wapindula nawo chiyani?

Masamu ake ndi osavuta. Sabata ili ndi maola 168. Carlo akanati asewere ola lake sabata iliyonse kwa zaka 7 osadumphitsa, onse pamodzi akanakwana maola 364, amene ndi masiku 15 okha. Wachinyamata amene amasewera maola 4 tsiku lililonse amafika pa nambala yomweyo m'miyezi itatu. Palibe lamulo la Mpingo lonena kuti aliyense asewere ola limodzi ngati Carlo. Wina muyeso wake ukhala maola awiri Loweruka, wina kupitirirako pa tchuthi. Koma munthu amene sanawerengepo maola ake alibe muyeso uliwonse, ndipo ambiri akawerenga moona mtima kwa sabata imodzi yokha amadzidzimuka.

Ola limodzi limapezekanso pena m'Mthenga Wabwino, pamalo owawa kwambiri. Usiku wa Lachinayi Loyera, Yesu analowa m'munda wa Getsemani n'kutenga Petulo, Yakobe ndi Yohane, abwenzi ake apamtima. Sanawapemphe kuti amumenyere nkhondo kapena amufere. Anangowapempha kuti akhale naye maso. Atabwerera anawapeza ali m'tulo, ndipo anafunsa Petulo ngati ngakhale ola limodzi linamukanika. Anapita, nabweranso, nawapezanso ali m'tulo, mpaka katatu. Atumwiwa sanali anthu oipa. Ankamukonda Yesu, ndipo Petulo anali atangolumbira kumene kuti sadzamusiya. Kungoti pamene ola la Ambuye linafika, mphamvu zawo zinali zitatha.

Chimodzimodzi Lamulungu m'mawa. Mnyamata amene wagona 2 koloko usiku pofuna kubweza chigoli sadana ndi Yesu. Mwina ndi wotumikira pa guwa, mwina ndi wa kwaya. Amabwera ndithu ku Misa, koma Mthenga Wabwino ukamawerengedwa mutu uli gwa pa benchi, kapena thupi lili m'tchalitchi pamene maganizo akadali kusintha osewera. Wina safika n'komwe. Zala zimene zinali zamphamvu maola asanu usiku zikulephera kuchita chizindikiro cha mtanda m'mawa. Palibe amene anakonza kuti amukane Ambuye. Anangopereka kugalamuka kwake konse kwina, n'kubweretsa kwa Mulungu makoko. Carlo anachita motembenuza. Gemu anaipatsa ola limodzi, ndipo pamene Ambuye ankafuna wokhala naye maso ankamupeza ali wogalamuka.

Makolo nawo mawuwa sakuwadumpha. Pali kholo limene limagula makina odula pa Khirisimasi, n'kuwaika kuchipinda kwa mwana, n'kumayamika kuti masiku ano mwanayo sayendayenda. Zoona, thupi lake lili m'nyumba. Koma akavala mahedifoni aja n'kulowa pa intaneti, amakhala akucheza ndi anthu amene kholo silinawaonepo, ena akuluakulu, ena otukwana, ena ofunsa zithunzi. Kholo lomwelo silingalole mlendo wosadziwika kulowa kuchipinda kwa mwana wake usiku. Makina akakhala pabalaza, pamene aliyense akudutsa, zambiri zimadziletsa zokha. Ndiponso pa chikuto cha magemu ambiri pamalembedwa nambala, 3, 7, 12, 16 kapena 18. Ena amaganiza kuti nambalayo ikunena za kuvuta kwa gemuyo, n'kumanyadira kuti mwana wawo wa zaka 10 akutha ya 18. Nambalayo ikunena msinkhu woyenera zimene zili mkatimo. Grand Theft Auto V, imene ana ambiri amaidziwa kuti GTA, ndi ya 18, ndipo wosewera amakhala chigawenga choba galimoto, kuwombera anthu ndi kulowa m'malo a zachiwerewere. Paulo analangiza Afilipi kuti maganizo awo azikhazikika pa zoona, zoyera ndi zokongola (Afilipi 4:8). Sikuti aliyense wowombera pa kanema adzawombera munthu. Koma mtima uli ngati munda, chimene ukuthirira ndicho chimakula, ndipo kholo lili ndi udindo wodziwa mbewu imene ikufesedwa mwa mwana wake. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

Pali kholo lina la mbali inayo, limene limangofika n'kuzula mawaya, kuphwanya padi, kapena kulanda foni ndi mawu onyoza. Paulo yemweyo anachenjeza abambo kuti asamapsetse mtima ana awo (Aefeso 6:4). Mwana wophwanyiridwa padi saphunzira kudziletsa, amaphunzira kubisa, ndipo mawa apezeka kuseri kwa msika kuja ndi chenji cha tomato. Chimene chimathandiza n'chovutirapo: kukhala pansi, kumufunsa kuti gemuyi imayenda bwanji, kugwira padi yachiwiri n'kulola kuchinyidwa zigoli 6 ndi mwana wako, kenako n'kupangana naye za masiku ndi maola, iyenso atanenapo maganizo ake. Lamulo limene mwana wathandiza kupanga amalisunga mosiyana ndi limene langomugwera. Ndipo pangano limeneli limafuna kuti wamkulu naye adziyang'ane. N'kovuta kuti bambo amene amadya nsima diso lili pa WhatsApp, kapena mayi amene TikTok imamugoneka pakati pa usiku, auze mwana kuti wakhalitsa pa kanema. Ana samva kwambiri zonenedwa, amaonera. M'mabanja ena, amene akufunika ola limodzi la Carlo poyamba ndi wogula bandulo.

Mawu ena apite kwa eni tizipinda ta magemu, pakuti ena mwa iwo ndi Akhristu a m'miphakati yomwe ino. Ntchito yawo ndi yovomerezeka, ndipo m'nyengo yosowa ntchito ngati ino wachinyamata amene wagula kanema ndi makina kuti adzidalire ayenera kuyamikiridwa. Malo awo ndi amene amapatsa mwana wosauka mwayi wogwirako chimene anzake ali nacho kunyumba. Koma mwana wovala yunifolomu akalowa 10 koloko m'mawa Lachiwiri, mwini malo amadziwa kuti akuthawa sukulu. Kamwana ka zaka 9 kakatulutsa ndalama yaikulu, amadziwa kuti sikanaipeze poyera. Kulandira ndalama imeneyo n'kudya nawo tsogolo la mwana wa mnzako. Yesu analankhula mawu oopsa kwambiri za munthu wophunthwitsa ana aang'ono, mpaka kutchula mwala wa mphero ndi nyanja (Marko 9:42). Mwini malo amene amabweza ana nthawi ya sukulu, amatseka nthawi yabwino usiku, saika magemu a akuluakulu pamaso pa tiana, ndipo amaletsa kubetcherana ndalama, amataya makwacha angapo patsiku. Ameneyo akuchita utumiki weniweni, ngakhale dzina lake silidzawerengedwa pa zolengeza.

Kwa wachinyamata amene akuona kuti padi yamutembenukira, khomo lilipo. Pokonzekera sakramenti la Kulapa, kusewera pakokha si kumene kumanenedwa kwa wansembe. Zonenedwa ndi zimene kwabala: bodza lonena kuti anali ku sitade, ndalama yotengedwa m'chikwama cha amayi, Misa yodumphidwa, mawu otukwana mnzake atamugonjetsa, mng'ono wake womenyedwa chifukwa anadutsa kutsogolo kwa kanema, fizi yolipiridwa movutikira imene yathera pa benchi ya kuseri kwa msika. Kutchula zimenezi ndi maina ake enieni ndi chiyambi cha kumasuka. Pambuyo pake pamafunika zinthu zooneka ndi maso, pakuti chaulere cha Mulungu chimagwira ntchito ndi manja a munthu. Wina amachotsa gemu imodzi ija imene akudziwa kuti ndiyo yamugwira pakhosi. Wina amasiya foni pabalaza pokagona. Wina amapereka padi kwa mnzake wodalirika mpaka mayeso atatha. Wina amasala magemu Lachisanu lililonse monga momwe Akhristu amasalira nyama m'nyengo ya Lenti, kuti aone ngati angathe. Akalephera sabata yoyamba asataye mtima. Petulo anagona katatu m'munda muja, n'kumukananso Ambuye katatu usiku womwewo, koma ndi yemweyo amene anapatsidwa nkhosa kuti aziwete. Ndipo ngati zafika poti munthu sakudya, sakugona, wasiya sukulu kapena ntchito, achibale asachite manyazi kufuna thandizo kwa alangizi ndi achipatala, limodzi ndi mapemphero.

Kumayambiriro kwa Okutobala 2006 Carlo anadwala, ndipo onse ankayesa chimfine wamba. Patangopita masiku ochepa madokotala anapeza kuti ndi khansa ya m'magazi ya mtundu wofulumira kwambiri. Anapereka masautso ake chifukwa cha Papa ndi Mpingo, ndipo anamwalira pa 12 Okutobala m'chipatala cha ku Monza ali ndi zaka 15. Omudziwa amakumbukira kuti ananenapo kuti imfa sakuiopa, chifukwa nthawi yake sanaitayire pa zinthu zosakondweretsa Mulungu. Ola lija la PlayStation sanaliwerengere m'gulu la nthawi yotayika. Pa maliro ake panabwera anthu ambiri osauka ndi obwera kuchokera kumaiko ena amene makolo ake sankawadziwa n'komwe, anthu amene iye ankawathandiza ndi kucheza nawo m'misewu ya Milan.

Anatchedwa wodala ku Assisi pa 10 Okutobala 2020. Mwambo womutcha woyera unayenera kuchitika pa 27 Epulo 2025, koma unaimitsidwa chifukwa cha imfa ya Papa Francis, mpaka unadzachitika mu Seputembala, makolo ake ali pomwepo. Akanakhala moyo, tsiku limenelo akanakhala ndi zaka 34, msinkhu wa abambo ndi amayi ambiri amene amabwera ndi ana awo ku Misa ya m'mawa. Mpingo umamukumbukira pa 12 Okutobala chaka chilichonse. Thupi lake lili m'tchalitchi cha Santa Maria Maggiore ku Assisi, m'manda a galasi, ndipo oyenda ulendo wa chipembedzo amamuona atavala jinzi, juzi yamasewera ndi nsapato zothamangira, korona ili m'manja.